Activated alumina, makala a mafupa, RO kapena thanki ya mvula: tisankhe chiti?

Mwana wa achemwali anga atabwera kuno ku Chilomoni kudzayamba Fomu 1, choyamba chomwe ndinaona n'choti akamaseka amatseka pakamwa ndi dzanja. Mtsikana wochangamuka, wanzeru zake, koma kuseka mobisa. Mano ake akutsogolo ali ndi mizere yofiirira, pena timadontho toyera ngati choko, ndiye anzake kusukulu anayamba kumunena kuti satsuka mkamwa. Mayi akunyumba anamugulira mswachi watsopano, anayesa soda, anayesa phulusa, koma ayi ndithu. Si litsiro limenelo. Ndi madzi a pa mjigo wa kumudzi kwathu ku Chikwawa omwe wakhala akumwa chibadwire, muli fluoride wambiri, mankhwala achilengedwe omwe amalowa m'madzi kuchokera m'miyala ya pansi, ndipo dzino likaumbidwa mwana akumwa madzi otero limatuluka lili choncho basi, silisintha.

Ine ntchito yanga ndi ya makompuresa ndi ma dryer, makina oumitsa mpweya, m'mafakitale, ku Makata, Chirimba, Ginnery Corner, Limbe, kulikonse komwe andiitana. Ndiye zinandikhudza kwambiri nditazindikira kuti timikanda toyera tomwe ndimathira m'ma dryer, totchedwa activated alumina, ndi chinthu chomwecho chomwe maiko ena amachotsera fluoride m'madzi akumwa. Ndinaganiza kuti basi, yankho la kumudzi ndalipeza. Koma nditakhala pansi n'kuzifufuza bwinobwino ndinaona kuti timikandati timagwira ntchito pokhapokha pali munthu wotiyang'anira, ndipo pali malo ena omwe njira zina zimatiposa kutali. N'chifukwa chake ndati ndiyerekeze njirazi poyera, chifukwa ndikudziwa kuti ambiri muno mu Blantyre tili ndi abale omwe akumwa madzi otere.

Chinthu chake n'chotani? Chimachokera ku bauxite, dothi lofiira lomwe amapangira aluminiyamu, lomwenso lilipo pamwamba pa phiri la Mulanje cha ku Lichenya ngakhale silikukumbidwa. Ku fakitale amatulutsamo ufa wotchedwa aluminium hydroxide, kenaka n'kuutentha pamoto wa madigiri mahandiredi angapo kuti madzi omwe ali mkati athawe. Pothawapo madziwo amasiya timabowo tambirimbiri tosaoneka ndi maso. Galamu imodzi yokha, mutati mutambasule makoma a timabowo take tonse, imaposa masikweya mita 200, kutanthauza kuti magalamu osakwana 40, ongodzadza pachikhatho, akhoza kukuta bwalo la mpira ngati la Kamuzu Stadium. Pamakoma amenewo ndi pomwe chinyezi, fluoride kapena poizoni wotchedwa arsenic zimakakamira. Mukapitiriza kuwotcha mpaka kudutsa madigiri 1000 timabowo timatsekeka, chimasanduka mwala wolimba womwe umakhala pa sandipepa ndi pa ma disiki a girayinda, ndipo sichikokanso kanthu. Ndiye wina asakugulitseni alumina wamba, mawu oti activated aja ndi ofunika.

Tiyambe ndi madzi poti ndi pomwe pali mtima wanga. Bungwe la WHO limati fluoride asapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita. Wochepa amalimbitsa mano, n'chifukwa chake amamuika m'mankhwala otsukira mkamwa, koma akachuluka amathimbiritsa mano a ana omwe akadali kuumbika, kuyambira ali khanda kufika zaka 8 kapena cha pamenepo. Akachulukitsitsa, munthu n'kumamwa zaka zambiri, amalowa m'mafupa, msana ndi mawondo zimauma. Kuno kwathu vutoli lapezekapo m'madera ena a Nsanje, Chikwawa, Machinga, Balaka, Mangochi, Karonga, ngakhalenso ku Nathenje ku Lilongwe, makamaka komwe kuli akasupe otentha ndi miyala ina ya pansi. Ife a m'tauni omwe timamwa a pampopi ochokera mu Shire ku Walker's Ferry, mu damu la Mudi kapena ku Likhubula nthawi zambiri nkhawayi siyathu, koma amene mwakumba mjigo wanu ku Chileka, Lunzu kapena Chigumula, kayezetseni.

Ndipo kuyezetsako ndiye poyambira, musagule chilichonse musanayeze. Fluoride alibe fungo, alibe mtundu, sakoma mwina mulimonse. Tengani botolo lapulasitiki loyera, mupope mjigo kwa mphindi zingapo, mulitsukuluze ndi madzi omwewo katatu, mudzadze, mupite nalo ku Malawi Bureau of Standards kapena ku labu ya boma ya za madzi. Muwapemphe akuyezereninso pH, muyeso wosonyeza ngati madzi ali ndi asidi kapena ayi, komanso mchere ndi ayironi, chifukwa manambala amenewo ndi omwe adzakuuzeni njira yoyenera. Chinanso ndinene msanga: kuwiritsa madzi sikuchotsa fluoride, m'malo mwake madzi akamaphwera iye amatsala wochulukirapo. Kolorini amapha majeremusi koma fluoride samukhudza. Sefa ya dongo ija, kapena ya makala wamba, imayeretsa madzi m'maso koma iye amangodutsa.

Tsopano alumina. Amamuika mu thanki yaing'ono kapena mu ndowa ziwiri zosanjikiza, madzi amalowa pamwamba n'kumatsika pang'onopang'ono, amafunika akhale naye kwa mphindi zingapo osati kungothamanga. Ubwino wake ndi waukulu ndithu. Safuna magetsi, sataya madzi, sasintha kakomedwe, amasankha fluoride mwachindunji ndipo amatha kumutsitsa mpaka pansi pa mulingo ngakhale madziwo akhale oipa kwambiri. Amagwiranso arsenic, poizoni uja yemwe wasautsa anthu ambiri ku Bangladesh, yemwe mulingo wake ndi mamiligalamu 0.01 okha pa lita, ngakhale kuti pa arsenic zimayenda bwino madziwo akayamba athiridwa kolorini. Komanso akadzadza simutaya, mumamutsuka ndi kositiki soda wosungunula, yemweyu amayi opanga sopo amamudziwa, kenaka n'kumutsukuluza ndi asidi wochepa mphamvu ndi madzi ambiri, amayambiranso ntchito.

Koma mavuto ake ali pomwepo. Choyamba amakonda madzi a pH ya pakati pa 5.5 ndi 6, pomwe madzi a m'mijigo yathu yambiri amakhala pa 7 kupita m'mwamba, ndiye amagwirabe koma amadzadza msanga kusiyana ndi zomwe zalembedwa pa thumba. Chachiwiri madzi amatope kapena a ayironi wambiri, aja amafiiritsa ndowa, amatseka timabowo. Chachitatu saphanso majeremusi, kolorini afunikabe. Chachinayi, chomwe chimandiopsa kuposa zonse, n'choti akadzadza sanena. Madzi amatuluka oyera bwinobwino, mayi akutunga ndi mtima wokhazikika kuti ana ake ndi otetezeka, chonsecho fluoride akudutsa yense. Popanda munthu woyeza madzi otulukawo nthawi ndi nthawi, ndowayo ndi yongonamiza anthu. Ndipo kutsuka kuja sikoti agogo kumudzi angachite kuseri kwa nyumba, kositiki amawotcha khungu ndi kuchititsa khungu m'maso, asidinso chimodzimodzi, ndipo madzi otsukirawo amakhala odzadza ndi fluoride yense uja, sungawathire m'dimba kapena pafupi ndi chitsime. Kutsuka kulikonse amachepanso mphamvu pang'ono. Ku Rajasthan ku India, komwe UNICEF inathandiza mabanja kukhala ndi zidebe za alumina, panafunika kukhazikitsa malo otsukira m'midzi momwemo, anthu azikasiya wodzadza n'kutenga wotsuka. Popanda dongosolo lotero, musayambe. Onjezanipo kuti kuno sitipanga, amachokera kunja, ndiye nkhani ya forex mukuidziwa nokha.

Makala a mafupa ndiwo ndinawakonda nditawamvetsa. Mafupa a ng'ombe amawatentha m'ng'anjo yotseka, mpweya wochepa, pa madigiri a pakati pa 350 ndi 500, kenaka n'kuwasinja kukhala timiyala. Fluoride amakonda fupa, n'chifukwa chake amalowa m'mano ndi m'misana yathu, ndiye apa mukungomupatsa fupa lina alowemo asanafike m'thupi la mwana. Ku Nakuru ku Kenya, dayosizi ya Katolika inayambitsa ntchito imeneyi ndipo yathandiza midzi ndi masukulu ambiri, ku Tanzania nakonso kuli malo ofufuzira za fluoride ku Ngurdoto pafupi ndi Arusha. Chomwe chimandikopa n'choti zipangizo zake tili nazo, Chikwawa ndi Nsanje ndi kwawo kwa ng'ombe, mafupa amangotayidwa kuseri kwa mabutchala. Sasamalanso kwambiri za pH ngati alumina. Koma kuwotcha kwake kumafuna luso. Moto ukachepa mafuta ndi nyama zimatsalira, madzi amatuluka achikasu, onunkha, palibe angamwe. Moto ukapyola mafupa amayera mbee ndipo mphamvu yokoka imatha. Abwino amakhala otuwa chakuda. Pa kilogalamu imodzi nthawi zambiri sanyamula fluoride mochuluka kwambiri, ndiye amafuna kusintha pafupipafupi, ndipo nawonso akadzadza sanena. Palinso nkhani ya chikhulupiriro yomwe sitingaidumphe, ku Machinga ndi ku Mangochi abale athu achisilamu adzafuna kudziwa kuti mafupawo ndi a nyama yanji ndipo inaphedwa bwanji, ndipo ali ndi ufulu wofunsa. Zimenezo zimafunika kukambirana ndi mafumu ndi mashehe ntchito isanayambe, osati ndowa zitagawidwa kale.

Pali njira ina yotchedwa Nalgonda, dzina la boma lina ku India komwe vutoli ndi lalikulu, inapangidwa ndi bungwe la NEERI la ku Nagpur m'zaka za m'ma 1970. Mu ndowa ya madzi mumathira alum, yemwe a zamadzi amadikhitsira matope, ndi laimu pang'ono, kutakasa mwamphamvu kaye kenaka pang'onopang'ono, n'kusiya ola limodzi. Pansi pamadikha zoyera ngati phala, zatenga fluoride, inu mumakhuthula apamwamba. Ndi yotchipa, koma ine sindingawapatse achemwali anga. Mulingo wa alum umadalira madzi a mjigo umenewo, ukachepa fluoride amatsala, ukachuluka madzi amawawasa ndipo mumatsala aluminiyamu, ndipo ndi ntchito ya tsiku lililonse kwa munthu yemwe walawirira kumunda m'bandakucha. Phala lotsalalo lifunanso dzenje lake lomwe ana ndi nkhuku sangafikeko.

Reverse osmosis, yomwe ambiri timangoti RO, ndi yomwe ogulitsa madzi a m'mabotolo amadalira. Pampu imakankha madzi pa kansalu kopyapyala kotchedwa membrane, madzi okha ndiwo amadutsa, fluoride, arsenic ndi mchere zimatsala. Mawu oti mchere muwagwire, chifukwa kumunsi kwa Shire mijigo yambiri ndi yamchere, ndipo alumina kapena mafupa sizichotsa mchere ngakhale pang'ono. Ngati madzi anu ali ndi mavuto onse awiri, RO yokha ndiyo ingathe. Kuipa kwake, imafuna magetsi kapena sola yamphamvu, timakina tating'ono ta m'nyumba timataya malita awiri, atatu kapena kuposa kuti mupeze lita imodzi yabwino, masefa akutsogolo amafuna kusintha, ndipo kolorini akafika pa membrane amaiwononga. Pa nyumba ya m'tauni yokhala ndi mjigo wake ndi pampu, kapena pa kiyosiki yogulitsa madzi pomwe pali ndalama yolowa ndi munthu wolipidwa, ndi yabwino kwambiri. Pa mjigo wa m'mudzi wopopa ndi manja, womwe ngakhale ndalama ya labala ikatha anthu amasonkha mwezi wathunthu, ayi.

Ndiye pali njira ziwiri zomwe ogulitsa zipangizo sangakuuzeni poti sapezapo kanthu. Yoyamba ndi kuyeza mijigo ndi zitsime zonse za m'deralo. Fluoride amatsata miyala, ndiye mjigo uwu ukhoza kukhala woipa pomwe wa mudzi woyandikana uli bwino. Zikatero woipawo ukhale wochapira, wosamba ndi womwetsa ng'ombe, muupake penti yofiira, akumwa ndi ophikira azichokera kwinako. Yachiwiri ndi mvula. Madzi a mvula alibe fluoride woti n'kudetsa nkhawa, ndipo masamu ake ndi osavuta: milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ya denga ndi lita imodzi. Denga la malata la masikweya mita 50, mvula itagwa mamilimita 700, ndi malita 35,000, ngakhale ena atayike. Banja la anthu 6, aliyense malita 5 patsiku a kumwa ndi kuphika, ndi malita 30 patsiku, pa masiku 180 a chilimwe ndi malita 5,400. Ndiye thanki ya malita 5,000 ikhoza kukufikitsani pafupi ndi mvula ina ngati simukuchapira. Muthanso kusakaniza, mjigo wa mamiligalamu 2.5 mukauphatikiza theka ndi theka ndi a mvula mwafika pa 1.25, pansi pa mulingo. Ndalama imapweteka pogula thanki ndi magatala, koma ikatero palibe mankhwala, palibe forex, kungotaya madzi oyamba otsuka denga, kuvindikira bwino ndi kuthira kolorini.

Maganizo anga ndi awa. Pa banja la kumudzi, yambani ndi kusintha potunga, kenaka thanki ya mvula. Pa sukulu, chipatala chaching'ono kapena mishoni komwe kuli munthu yemwe angaphunzitsidwe kuyeza ndi kulemba m'kabuku, alumina ndi wabwino, makamaka fluoride akakhala wokwera ndipo madzi si amchere, ndipo muike mathanki awiri motsatizana kuti loyamba likadzadza lachiwiri ligwire. Makala a mafupa ndi omwe ndikulakalaka wina atawayambitsa ngati bizinesi yeniyeni kumunsiku, ndi ng'anjo yabwino ndi labu yoyeza. Akatswiri a m'mayunivesite athu anayesaponso bauxite wa ku Mulanje pochotsa fluoride ndipo anaona kuti amakoka, kungoti mphamvu yake siyingafanane ndi alumina wopangidwa ku fakitale, komabe ndi chinthu chathu choyenera kuchilimbikira.

Tsopano ku ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku, mpweya wa kompuresa. Aliyense yemwe anatsegulapo kampopi ka pansi pa thanki ya kompuresa m'mwezi wa Januwale kapena nthawi ya chiperoni akudziwa madzi omwe amatuluka, ofiira ndi dzimbiri. Mpweya ukapanikizidwa chinyezi chake chimasanduka madzi, ndipo madziwo akalowa m'mapayipi amadya mavalavu, amaumitsa masilinda, amatupitsa penti. Anyamata opopera magalimoto ku Ndirande amadziwa ululu wake, wamaliza bonati yonse kenaka tiziphuphu tatuluka. Kwa iwowa sindingawauze za alumina, kukhetsa thanki m'mawa uliwonse, payipi yaitaliko kuti mpweya uzizire, ndi kasefa kogwira madzi pafupi ndi gani, basi zakwana.

Fakitale yapakatikati igule dryer ya firiji. Imaziziritsa mpweya kufika pafupifupi madigiri 3, madzi amadontha n'kutayidwa, ndipo poti muno mu Blantyre mapayipi sazizira kufika pamenepo ngakhale mu Juni, madzi saonekanso. Ndimadandaula ndikaona bwana wagula dryer ya timikanda yokwera mtengo pongofuna kuyendetsa makina osokera matumba. Dryer ya timikanda ili ndi nsanja ziwiri, ina ikuumitsa mpweya ina ikudziumitsa yokha, zimasinthana pakapita mphindi zochepa, ndipo mtundu wosagwiritsa hita umataya pafupifupi magawo 15 pa 100 a mpweya womwe mwaupanikiza ndi magetsi anu kapena dizilo wa jenereta. Imaumitsa kufika poti madzi sangadonthe mpaka mpweyawo utazizira madigiri 40 pansi pa ziro. Zimenezo zimafunika komwe payipi imadutsa m'chipinda chozizira, kopanga mankhwala, komwe mpweya umakhudza zakudya zaufa, pa zida zoyezera, ndi pa makina opanga okosijeni kapena nayitirojeni.

Mkati mwa nsanjamo mungathire zitatu. Silica gel, yemwe mumamuona m'timapaketi ta m'bokosi la nsapato ndi m'kabotolo ka pa thiransifoma, amamwa chinyezi chambiri ndipo wamitundu uja amakuuzani akakhuta, wabuluu amasanduka pinki. Koma dontho lenileni la madzi likamugwera amasweka, amasanduka fumbi. Molecular sieve, timikanda ta mtundu wina ta timabowo tating'onoting'ono, amaumitsa koposa onse, mpaka madigiri 70 pansi pa ziro, koma ndi wodula ndipo kumuumitsanso kumafuna moto wambiri. Alumina ali pakati, ndipo mphamvu yake ndi kulimba. Madzi amugwere, sasweka. Mukamuthira timadzi ali pachikhatho mumangomva kutentha, kamkanda kali chimodzimodzi. N'chifukwa chake ngakhale m'nsanja za molecular sieve amayala alumina pansi polowera mpweya kuti alandire nkhonya yoyamba. Kwa ife kuno, komwe magetsi amathima dryer ili pakati pa ntchito ndipo ma drain, timipopi totayira madzi, amaiwalika, kulimba kumeneko ndi kofunika kuposa manambala okongola a m'katalogi.

Mdani wake ndi oyilo. Ndinaitanidwa pa fakitale ina chifukwa mpweya unayamba kunyowa, nditatsegula nsanja ndinapeza timikanda tomwe timayenera kukhala toyera tili tachikasu, tomata m'manja, tonunkha oyilo wa kompuresa. Sefa yogwira oyilo kutsogolo inali itatha kalekale, anaisiya poti yatsopano inkadula. Abwana anandifunsa kuti, achimwene, sitingatiyanike padzuwa ngati chimanga? Ndinawayankha kuti bwana, chinyezi chimachoka ndi kutentha koma oyilo akalowa m'timabowo satulukanso, apa tagula tatsopano basi. Tinadikira masabata angapo kuti katundu afike kuchokera ku Johannesburg, makina ena ataima, anyamata aganyu atauzidwa kuti adikire kunyumba. Zinandiwawa chifukwa cha anyamatawo. Ndiye sefa ya oyilo kutsogolo, sefa ya fumbi kumbuyo, ndipo pothira timikanda muvale chotseka mphuno. Ndipo chonde, timikanda totsitsidwa mu dryer musatengere kunyumba kuti mukasefere madzi akumwa. Tili ndi oyilo, komanso alumina wa madzi ndi wina, amakhala timiyala tating'ono ngati shuga wokhakhala ndipo amayenera kukhala wovomerezeka pa madzi akumwa.

Za ntchito yake ngati catalyst ndingokhudzako, poti zambiri zimachitika kunja. Catalyst ndi chinthu chomwe chimafulumizitsa kusintha kwa mankhwala icho osatha. Ife tilibe fakitale yoyenga mafuta, petulo ndi dizilo zimabwera zoyengayenga kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, koma komwe zimayengedwako salufa amachotsedwa pa timibulu ta alumina tonyamula cobalt kapena nickel ndi molybdenum. Mpweya wonunkha ngati dzira lovunda womwe umatuluka pamenepo amausandutsa salufa wachikasu mwa njira ya Claus, yomwe Carl Friedrich Claus anailembetsa mu 1883, ndipo pamenepo alumina mwiniwake ndiye catalyst. Catalyst wina wotchedwa titania amamuposa pa kulimba ndi kugwira ntchito koma ndi wodula, ndiye ambiri amaika alumina wochuluka ndi titania pang'ono. Chapafupi ndi ife chili pansi pa galimoto, mu ekizozi. Chisa chija cha mu catalytic converter, kabokosi koyeretsa utsi, chimapakidwa alumina, ndipo iye ndiye amagwirizira platinum, palladium ndi rhodium zomwe zimatentha utsi woipa. Tikamachigogoda n'kuchichotsa ku garaja poti galimoto yachepa mphamvu, utsiwo ndi womwe amapuma amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu ku Limbe. Pa ethanol, yemwe dziko lino lakhala likusakaniza mu petulo kuyambira 1982 pomwe fakitale ya ku Dwangwa inayamba, alumina amagonja. Kutcheza kumathera cha pa 96 peresenti, ndipo madzi otsalawo amachotsedwa bwino ndi molecular sieve wa mtundu wa 3A, yemwe timabowo take timalola madzi koma ethanol salowa.

Kumudzi kuja tinayezetsa mijigo iwiri. Wa pafupi ndi nyumba ya achemwali unapitirira mulingo, wa kuseri kwa tchalitchi, mtunda woti n'kupalasa njinga, unali pansi pake. Ndiye alumina sitinagule. Alamu anga amakatunga zigubu ziwiri pa njinga m'mawa uliwonse za kumwa ndi kuphika, ndipo ife kuno tikusonkha pang'onopang'ono za thanki, magatala ndinakhoma kale ulendo wapitawu. Mtsikana uja mano ake sangabwererenso, ngakhale adokotala a mano anati akakula pali zomwe angachite kuti aoneke bwinoko. Koma ali ndi mlongo wake wa zaka 3, mano ake achikulire akadali mkati mwa nkhama, akuumbika panopa. Loweruka likubwerali ndikutsika Thabwa ndi mabotolo ena awiri, tikayezenso wa kutchalitchi uja tsopano poti chilimwe chafika pachimake ndipo madzi atsika.